Fodya Amene Sindinafikitse kwa Agogo

Kodi munthu akakutuma kwa akufa, iwe n'kubwerera osafikitsa uthenga, walakwira ndani: wokutumayo kapena wakufayo? Funso limeneli limandibwerera ndikatsegula dilowa ya tebulo langa n'kuona kachitini kakuda, kamene kale munali polishi wa nsapato. Chivindikiro chake chinachita dzimbiri. M'kati mwake muli fodya wopera amene tsopano sanunkhanso kanthu.

Ndinali mu Sitandade 7, kwathu ku Chisemphere, m'nyengo yozizira, fodya atachoka kale m'zigafa. Aphunzitsi athu a sayansi anakonza zoti tikayende tsiku lathunthu m'paki, nkhalango yosungiramo nyama imene mpanda wake wa waya unkaoneka tikaima kumapeto kwa munda wathu. Ndinakula ndikuuona mpandawo, koma ndinali ndisanaudutsepo. Paki tinkaidziwira njovu zimene zinkathyola waya n'kudzatidyera chimanga, basi.

M'mawa wa ulendowo amayi anandiitanira m'chigafa, mmene munangotsala fungo la masamba ouma. Anandipatsa kachitiniko atakakulunga m'kansalu, n'kundiuza zimene ndinali ndisanamvepo: mudzi umene iwo anabadwira unali m'kati mwa pakiyo, anthu asanasamutsidwe, ndipo bambo awo anaikidwa komweko.

"Ukaona mitengo itatu ya mango pafupi ndi mwala waukulu wong'ambika pakati, ndi pomwepo. Ukagwade, ukaombe m'manja, ukatchule dzina langa, ukathire fodyayu pansi. Ankamukonda." Kenako anatsitsa mawu: "Akumpingo asamve."

Amayi anali mlembi wa gulu la amayi kumpingo kwathu, ndipo sindinawaonepo akuchita za mizimu. Lero ndimaona kuti sikunali kupembedza. Ankangofuna kupereka moni kwa bambo awo, ndipo ine ndinali woyamba m'banja mwathu kupeza chilolezo chodutsa pachipata.

Pachipatapo anatilandira mlonda wa nyama, amene kwathu timati agemu, bambo wamtali wa imvi, mfuti ili paphewa. "Mzere umodzi," anatero. "Wochoka m'njira, ine sindikayankha kwa amayi ake. Musatole kanthu, musasiyenso kanthu." Mawu omalizawo anachititsa kuti kachitini kandilemere m'thumba.

Chimene chinandidabwitsa choyamba chinali mthunzi. Kwathu mitengo inali itathera ku nsichi za zigafa, moti dzuwa tinkayenda nalo pamutu kuchokera kunyumba mpaka kusukulu. Kuno miombo ndi mitondo inakumana pamwamba, masamba ouma ankaphwanyika kumapazi, ndipo nthaka inkanunkha chinyezi ngakhale mvula inali itasiya kalekale. Akashembe, ntchentche zoluma za m'tchire, ankatiluma kupyola malaya. Tinadutsa ndowe za njovu zimene zinali zikufukabe nthunzi, ndipo kuchokera pamenepo palibe amene anafunikira kukumbutsidwa za mzere.

Masana tinakwera kaphiri ka miyala. Tili pamwamba pake tinaona damu lonse la m'pakimo: madzi otambalala, mvuu zikutulutsa mphuno n'kumiranso, nkhwazi ili duu pamtengo wouma. Aphunzitsi anatambasula dzanja. "Taonani dziko mmene Mulungu analisiyira, munthu asanapondemo!" Tinalemba zimenezo m'makope, inenso ndinalemba. Anali munthu wabwino, mlendo m'dera lathu, ndipo sakanadziwa. Komabe chiganizo chawocho chinali cholakwa, ndipo umboni wake unali m'thumba mwanga.

Mitengo ija tinaipeza potsika, dzuwa litapendeka. Inali itatu, yokalamba, kumanzere kwa njira, ndipo mwala wong'ambika unali pambali pake. Mango samera okha pakati pa nkhalango. Pamene pali mango panali khomo la munthu. M'mbali mwa njira ndinaona phale la mphika likusuzumira m'dothi.

Agemu anaima. Anavula chipewa, n'kugwada ndi bondo limodzi kumanga chingwe cha jombo yawo. Anamanga, kumasula, kumanganso. Osayang'ana aliyense anati, "Amene akufuna kupatuka apatuke pano. Ine ndichedwa pang'ono."

Anzanga anaseka, ndipo anyamata awiri anathamangira kuseri kwa chitsamba. Ine ndinatsala pamzere, dzanja lili pa kachitini. Ndinganene kuti ndinaopa mfuti kapena lamulo, koma zoona zake n'zakuti ndinaopa kusekedwa: mwana wasukulu, yunifolomu ili m'thupi, kope la sayansi lili m'manja, kukagwadira mtengo anzanga akuona. Agemu anavalanso chipewa, ndipo tinapitirira.

Amayi anandichingamira panjira. Za mvuu sanafunse.

"Mango aja alipobe?"

"Alipo, onse atatu."

"Wathira?"

Ndinati eya. Anayang'ana kumadzulo, kumene kuli mpanda, kwa nthawi yaitali. "Ndiye kuti adziwa kuti tilipo," anatero, n'kundilandira chikwama. Kachitiniko ndinakabisa m'denga la chigafa, ndipo pambuyo pake kanayenda nane ku sekondale ndi kwina konse kumene ndakhalako.

Amayi anamwalira ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, akukhulupirirabe kuti moni wawo unafika. Ndabwererako kupaki kawiri ndili wamkulu. Njira zinasintha, alonda ndi ena, ndipo mango aja sindinawapeze. Wina anandiuza kuti njovu sizisiya mtengo wa mango uli chiimire. Ndimavomereza kuti popanda mpanda uja nkhalangoyo ikanatha ngati yakwathu, ndipo mthunzi umene unandidabwitsa sindikanaudziwa. Ndikudziwanso amene anachotsedwa kuti mthunziwo ukhalepo. Ziwirizi sindinathe kuzigwirizanitsa, ndipo ndinasiya kunamizira kuti ndingathe.

Chimene sindinamvetse tsiku lija n'chakuti jombo ya agemu inalibe vuto lililonse. Bambo ajawo ayenera kuti anali ataperekezapo ana ambiri a m'midzi ya m'malire, ndipo ankadziwa tanthauzo la dzanja limene silichoka m'thumba tsiku lonse. Anandipatsa mpata wonse umene ntchito yawo inkalola, ine n'kumaganiza kuti akulimbana ndi chingwe.

Fodya uja akadali m'kachitini. Mwa anthu amene ankadziwa pamene agogo anagona, ndatsala ndine ndekha, ndipo malowo ndinawaona kamodzi, ndili pamzere.