Mchere wa mu Mpunga Wofiira

Ndinadzuka kusanache, pamphasa panja pomwe amuna tinagona titazungulira moto. Chiperoni chinali chitagwa ndipo bulangete langa linali lonyowa. M'nyumba amayi a mvano ankaimbabe motsitsa pafupi ndi bokosi la mkazi wanga. Mwana wathu wakhanda analira kamodzi, wina n'kumutonthoza. Chimwalirire mayi ake, palibe anali atandipatsa kuti ndimunyamule.

Ndinapita kuseri kukasukusula. Kumeneko ndinapeza mphika wanga wachitsulo atauvundikira pafupi ndi chimbudzi, chitini changa cha mchere chili pambali, chopanda kanthu. Amayi ophika pamafuwa anali ndi mchere wina, watsopano, m'pepala la kusitolo. Nditawapatsa moni anayankha onse bwinobwino, maso ali pa nkhuni.

Mphikawo ndinabwera nawo kuchokera ku Amereka. Pa tchuthi cha kukoleji ndinkakhala ku Charleston, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, kwa mayi wina wakuda, wokalamba. Iyeyo ndiye anandiphunzitsa mpunga wofiira: matimati, anyezi, tsabola, mafuta a nkhumba, tinkhanu ta m'nyanja, ndi therere loduladula losathira soda. Ankati makolo ake anawabweretsa pa zombo chifukwa ankadziwa kulima mpunga m'madambo, ndipo kwawoko kukagwa maliro anansi amafika pakhomo atanyamula chakudya chotere. Mkazi wanga ali ndi pakati sankafuna china. Tinkhanu touma, tobwera pa sitima kuchokera ku Beira, ndinkagula kwa Mmwenye ku Limbe, ndipo ndinkaphika ndekha. Anansi athu ku Chinyonga ankaona.

Kenako miyendo ya mkazi wanga inatupa, nkhope nayo. Dokotala anati ndi impso. Abale ake atamva za kutupako anangoyang'anana. Kwathu kuno amati mwamuna akayenda ndi mkazi wina n'kudzathira mchere m'chakudya cha mkazi wake wapakati, wamudula. Ndipo mwana wa mwamuna wotero samusiya m'manja mwake.

Dzuwa silinatuluke tsiku lonse. Kunafika a kunjanji ogwira ntchito ndi amalume a mkazi wanga, a m'mafakitale a ku Makata ali m'maovolosi, ndi anzanga a kuofesi omwe anaima paokha atagwira zipewa. M'masiku a Chitaganya amenewo, munthu wophunzira kunja n'kumagwira m'boma ankamuyang'ana kawiri. Ndikayandikira gulu, nkhani inkatha.

Tinanyamuka masana kukuwaza. Bokosi ankalandirana amuna m'njira yoterera, amayi akuimba m'mbuyo. Kumanda amalume anathokoza mpingo, a kunjanji ndi adzukulu okumba. Ine sananditchule. Ponena za matenda anangoti mwana wawo wapita ali wotupa, n'kukhala chete kuti mawuwo afike kwa aliyense. Ndinaponya dothi langa. Sindinalire, ndipo ndinaona kuti zimenezonso anthu aziona.

Titabwerera ndi kusamba m'manja, amalume anandiitanira pansi pa mtengo wa peyala. Panali akuluakulu a banja, ndi apongozi anga, mayi a malemu, atakhala patali pang'ono mwana ali pamiyendo. Iwowa anabwera kudzakhala nafe miyezi yomaliza, ndipo sanalawepo mpunga wanga n'kamodzi komwe.

"Akamwini," anatero amalume, "mpunga wofiirawo anakuphunzitsani ndani?"

Ndinawauza.

"Mkazi?"

"Mkazi, wamkulu kuposa mayi anga."

"Oo. Nanga mchere ankathira ndani?"

Ndinali ndisanayendepo ndi mkazi wina, koma umboni wake munthu angautenge kuti? Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona.

"Ndinkathira ndine, achimwene," anatero apongozi, osakweza mutu. "Iwowa ankangotakasa."

Linali bodza. Amalume anawayang'ana alongo awo nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine. Bodzalo ndinalisiya momwemo. Pomaliza amalume anati mwana akhale pakhomo pa bambo ake, koma agogo ake asachoke. Sanandigwire chanza.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala phulusa, mafuwa akuda ndi mabenchi a kutchalitchi oyembekezera kubwezedwa. M'nyumba munkamveka fungo la makandulo. Apongozi analowa n'kundiika mwana m'manja. Anali wopepuka kuposa momwe ndinkaganizira.

Apongozi anatulukanso. Ndinamva akukwecha chitsulo ndi mchenga kuseri. Atabwera anaika mphika wanga pamalo pake, woyera, n'kuima pakhomo la khitchini akundiyang'ana monga munthu amayang'anira mlendo amene sanadziwe ngati agona.

Chitini cha mchere sanachibweze. Mchere watsopano uja anaumanga pansonga ya nsalu yawo, n'kulowa nawo kuchipinda.