Batire la kalavani ndi anapiye a amayi

Mwaswera bwanji nonse. Chimene chimatha batire la kalavani yathu, galimoto yogonamo ija, chapezeka lero.

Paja Loweruka tikukwera nayo kuphiri, kukagona konko ndi alendo anayi. Koma sabata yonseyi tikatchaja batire, limatha tsiku limodzi, kalavani ili chiimire pabwalo kuno ku Mtiya. Bambo a Chisomo anayamba kale zoti tigule lina. Ine ndinakana, lija ndi la chaka chathachi.

M'mawa ndinaitana a Makwinja, okonza magetsi a galimoto ku Chikanda. Anazimitsa filiji ndi wailesi n'kulumikiza mita yawo ku batire, koma mita imaonetsabe kuti moto ukutuluka. Ndiye anayamba kuzula mafyuzi. Atazula fyuzi yachinayi mita inatsika mpaka ziro, ndipo pansi pa bedi panayamba kumveka kulira.

Titatsegula kabati ya pamenepo tinapeza anapiye khumi ndi awiri m'katoni, atazungulira babu. Kani amayi anawabisa mmenemo thadzi lawo litagwidwa ndi galu, kuopa kuzizira kwa Juni kuno. Titawafunsa anangoti, "Babu la m'nyumba limazima magetsi akathima, koma ili silizima."

A Makwinja aika swichi yodulira moto wonse kalavani ikakhala pakhomo. Ine ndawauza kuti fyuzi ija aibwezere, swichi tiisiye yoyatsa mpaka Lachisanu. Anapiye onse ali moyo, ndipo anenepa.

Ndiye abale, Loweruka tipange bwanji? Amayi akuti ngati babu likupita kuphiri, anapiye nawonso akupita.