Anasudzulidwa Chifukwa cha Machimo a Maggie

Mustafa, msodzi wa ku Lifuwu, anali atatsimikiza mtima kuchita cholakwa chachikulu: kusudzula mkazi wake, Kulusumu, chifukwa cha machimo a munthu amene sanabadwepo.

Kulusumu anakula ali wamasiye, ndipo sukulu analekeza panjira. Chimene anali nacho ndi dengu la mandasi ndi luso la zisudzo. Kampani ina ya ku Lilongwe itabwera ku Salima kudzasaka anthu a sewero la pa kanema loonetsedwa masana, iye anasankhidwa, ndipo mwamuna wake analola. Koma gawo limene anapatsidwa linali la Maggie, mkazi wolanda amuna a eni, wothira anzake chiphe m'chakudya.

Gawolo analichita mwaluso, ndipo mavuto anayambira pomwepo. Amayi olima musikimu ya mpunga analeka kugula mandasi ake.

"Tidye za m'manja amenewo?" anatero mayi wina, Gladys. "Tinakuonani ndi maso athu mukuthira."

"Unali ufa wa kondowole, mayi," anayankha Kulusumu.

"Lero kondowole. Mawa adziwa ndani?"

Kudoko, asodzi ankamuseka Mustafa kuti azilawitsa mphaka ndiwo asanadye. Iye anali wa mtima wapachala, ndipo anali atapereka kale talaka, mawu osudzulira mkazi m'Chisilamu, kawiri pa mikangano ina, n'kubwererana ndi mkaziyo. Shehe anamuchenjeza kuti, "Mwana wanga, yachitatu ilibe pobwerera." Koma munthu woopa kusekedwa samva malangizo. Anaipereka.

Kulusumu ananyamula zovala zake n'kukakhala kwa azakhali ake ku Chinguluwe. Ali kumeneko anaimbira foni Lawson, mkulu wa sewerolo.

"Bambo, mupheni Maggie. Wandiphera banja."

"Ndikhoza kumupha mawa lomwe," anatero Lawson. "Koma banja silidzuka, ndipo mudzakhala mutataya ziwiri: banja ndi ntchito. Mayi, anthu sadana ndi munthu wosadziwa kusewera."

Mawuwo anamupweteka, koma anawasunga. M'mawa ankawinga mbalame m'munda wa azakhaliwo, akukalipira mpheta ndi mawu a Maggie mpaka atawaloweza. Masiku ojambula ankakwera minibasi ya ku Lilongwe.

Tsiku lina masana anachita chimene palibe amene anachiyembekezera. Anabwerera ku Lifuwu atavala hijabu yake, analowa m'nyumba yoonetsera kanema, nakhala pa benchi yakutsogolo. Anthu ankayang'ana Maggie pa kanemayo, kenaka n'kuyang'ana iye. Pamene Maggie anayamba kulira misozi yabodza pamaliro a mkazi mnzake, Kulusumu anapukusa mutu.

"Astaghafirullah, Mulungu atikhululukire. Mkazi ameneyu alibe manyazi."

Wina anaseka kumbuyo, ndipo ena anatsatira.

"Kodi nanunso mumadana naye?" anafunsa Gladys.

"Kuposa inu, mayi. Inu mumangomuonera. Ine ndimamusenza."

Sewerolo litatha anawafotokozera mmene amajambulira, ndiponso kuti womwalirayo ndi mnzake Faith, amene amadya naye mbale imodzi akaweruka. Sabata ndi sabata ankabweranso, mpaka anthu anaphunzira kusiyanitsa munthu ndi gawo lake.

Lero Kulusumu akudziwika m'dziko lonse. Anamanga nyumba yake ku Salima, ndipo amaphunzitsa atsikana zisudzo.

Mustafa anabwera ndi ankhoswe kudzapepesa. Kulusumu anawalandira mwaulemu, anawapatsa tiyi, ndipo anamukhululukira. Koma chikhululukiro sichinasinthe lamulo la chipembedzo chawo.

Inu amene mukunyozedwa pa ntchito yachilungamo, musafooke. Igwireni mpaka okunyozaniwo amvetse. Koma inu amene mumalola kuseka kwa anzanu kukuweruzirani za m'nyumba mwanu, chenjerani. Asodzi aja anaiwala kale nthabwala yawo. Mustafa anataya mkazi wake, ndipo mpaka lero ali yekha.