Hatchi Imene a Spencer Sanaipande

A Spencer Kamwendo anakhala ku Ongata Rongai, ku Kenya, kuyambira 1994, akugwira ntchito yosunga mabuku ku ofesi ya mpingo ku Parklands, koma Chiswahili anakana kuphunzira. Ankati ndi Chichewa chomwechi, kungoti eni ake amachiyankhula mothamanga. Ine, mnansi wawo, ndinawauza kangapo kuti maganizo amenewo adzawapweteka. Ananditcha wonyada ndi sukulu, pamaso pa anthu, ndipo mpaka lero sanapepese.

Mwana wawo Pilirani atapeza banja kwa anthu a ku Kiambu, a Spencer anasowa tulo. Asewere awo anali ndi magalimoto, iwo analibe ndi njinga yomwe. Analumbira kuti ku ukwati sakatsika m'matatu, minibasi za kumeneko, anthu amenewo akuona.

Ndiye anamva kuti pa famu ina ku Kajiado pali hatchi imene mwini wake anamwalira, inakulira m'tchire ndi mbidzi, ndipo aliyense woifuna angoitenga.

"Yaulere, mayi a Pilirani," anauza akazi awo, a Rosina. "Petulo wake ndi udzu."

"Munakwerapo chiyani inu, bambo? Pa bulu pomwe munagwa."

"Bulu uja anali wamwano."

Mkulu woyang'anira famuyo, Timothy, powapatsa chingwe anawagwira dzanja. "Mzee, usimpande. Hajazoea."

A Spencer anakhudzidwa mtima. Anamva kuti asaipande, poti sinazolowere kumenyedwa. "Ine ndine mkhristu," anayankha m'Chichewa. "Ngakhale ana anga sindinawapandepo." Timothy ataona mutu ukugwedezeka anakhutira. Koma m'Chiswahili kupanda ndi kukwera.

Hatchiyo inadya chimanga cha a Rosina, inatha kabichi wanga yense, ndipo dotolo wa ziweto anazolowera pakhomopo ngati wachibale. A Spencer ankaipatsa moni m'mawa uliwonse, koma kukwera anasungira tsiku la ukwati kuti ingatope.

Tsikulo anavala suti, naimika mpando pambali pake, nakhala pamsana. Hatchi inalumpha mpanda wa minga n'kuloza ku Kajiado. Iwo anatsala mumpandamo. Ku tchalitchi anafika mochedwa atagona pa ngolo ya munthu wogulitsa madzi, mwendo umodzi wa buluku kulibe. Hatchi inabwerera yokha madzulo kudzadya.

Kuphwando Timothy, amene anaitanidwanso, anafotokoza tanthauzo la zimene ananena tsiku lija.

"Ndiye bwanji osangonena kuti kukwera?" anakalipa a Spencer. "Mukuononga chinenero."

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti asewere aja atabwera kudzawazonda anaima nthawi yaitali akuyang'ana hatchiyo, yonenepa, ikutafuna popanda ntchito. Anagwirizana kuti munthu wodyetsa nyama yotere chifukwa chongofuna kumaiona si munthu wamba. Kuchokera pamenepo pa zochitika zonse a Spencer amawakhazika kutsogolo, pa mpando wa khushoni. Ine amandiika kumbuyo, pafupi ndi ana.