Munda Umene Bambo Anandisiyira Papepala

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anga anandisandutsa mwini munda. Chaka chimenecho ndinaonda ngati wodwala, koma chimene chinkandidya anali mantha.

Inali nthawi ya Chitaganya. Tinkakhala kwawo kwa bambo, m'mapiri a kufupi ndi Mvera, pakuti mayi anali mtengwa wochokera ku Ntchisi. Bambo, a Gerisomu, anagwirapo ukhukhi zaka zambiri kwa mzungu wina wa esiteti ya fodya. Kumeneko anamva za mwambo wa eni minda ikuluikulu a ku Mangalande, woti mwini akamwalira, munda wonse, nyumba ndi dzina la banja zimapita kwa mwana wamwamuna woyamba, osagawa ngakhale mzere umodzi. Mzungu wawoyo anali mwana wachiwiri kwawo, n'chifukwa chake anadzafuna malo kuno, koma mbali imeneyo bambo sankaiganizira. Chinawakomera n'chakuti thukuta la munthu azidyerera ndi mwana wobereka yekha.

Kwathu sizinali choncho. Wolowa dzina ndi kutenga munda ankakhala mphwake wa munthu, mwana wa mlongo wake. Mphwawo wa bambo anali Mateyu, mwana wa azakhali anga, mnyamata wamtali wosalankhulalankhula. Ndiye anazula zitsa m'munda wa bambo, ndiye anaumba njerwa za nyumba yathu yamalata, ndipo balani ya fodya anamanga awiriwiri ndi bambo. Mudzi wonse unkadziwa kuti dzina la Gerisomu lidzagwera iye.

Bambo anadwala chifuwa m'nyengo yozizira, namwalira anthu atangotha kukolola. Tsiku lometa maliro, abale ali phee pamphasa, aphunzitsi a pasukulu ya mishoni anaimirira n'kutulutsa pepala m'Baibulo lawo. Anati malemu anawapempha kuti alilembe ndi kulisunga. Anawerenga kuti munda, nyumba, balani ndi dzina zonse zikhale za Yohane, mwana wawo wamwamuna. Yohaneyo ndinali ine, mutu uli wometa kumene, mphepo ikundilasa m'khosi.

Azakhali ndiwo anayamba kulankhula. "Aphunzitsi, pepala limeneli linabadwa m'mimba mwa yani?"

Koma palibe wina analitsutsa pepalalo. Akuluakulu ankaopa chilichonse cholembedwa masiku amenewo, poganiza kuti kulikana kukhoza kuwafikitsa ku boma. Mateyu anangondiyang'ana kanthawi, kenaka anadzuka n'kulowera kumunda.

Kuyambira tsiku limenelo mayi anandiikira malamulo. Ndisadye kanthu kwa azakhali, ngakhale nthochi yosasenda. Ndisataye tsitsi kapena zikhadabo pabwalo. Ndikaona Mateyu panjira, ndipatuke. "Iwe ukafa, pepala lija lafanso," anatero akundimanga kachithumwa m'chiuno, pansi pa kabudula kuti aphunzitsi asakaone. Amayi a m'mudzi analeka kudzasinja ndi mayi. Titaitana anthu kuti adzatithandize kulima, thobwa linasasa mumtsuko popanda wobwera. Mateyu yekha ankabwerabe m'mawa uliwonse kudzathirira nazale ya fodya, osapereka moni, ndipo ine ndinkamusuzumira pazenera. Mayi ankati akuyendera munda wake. Nditadwala malungo m'mwezi wa Disembala, sanakayike kuti a kwa azakhali ayamba kundilodza.

Tsiku lina mu Febuluwale mvula inagwa yamphamvu kumapiri ife tili m'kalasi. Aphunzitsi ananditsaliritsa kuti ndisese, moti ndinafika ndekha pamtsinje wa pakati pa sukulu ndi mudzi wathu. Miyala yowolokera inali itamira. Madzi anali ofiira, akukokolola mapesi ndi nthambi, akulira ngati galimoto yokwera phiri. Ndili chiimire, ndinamva mapazi kumbuyo. Anali Mateyu, chikwanje chili m'manja, akuchokera kodula mitengo yokonzera balani.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe munthu wina aliyense.

"Madzi awa akuwonjezeka," anatero. "Kwera kumsana."

Anasomeka chikwanje m'lamba, nagwada, ine n'kukwera ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Malaya ake ankanunkha utsi wa fodya, fungo lomwelo la bambo. Tinalowa. Madzi anamufika m'mawondo, kenaka m'chiuno, kenaka anayamba kundinyambita mapazi. Ndinaganiza kuti akangomasula manja, anthu adzati mwana watengedwa ndi mtsinje, ndipo palibe adzafunse. Pakati penipeni anaima. Tsopano ndikudziwa kuti ankafufuza popondapo ndi phazi, koma nthawi imeneyo ndinati basi, nthawi yakwana.

"A Mateyu," ndinalira m'khutu mwake, "tengani munda, tengani nyumba ndi dzina lomwe, koma musandiphe!"

Ndinamva msana wake ukuuma ngati thabwa. Manja ake anandifinya miyendo mpaka kuwawa. Anapitiriza pang'onopang'ono, madzi akumukankha, mpaka tinafika tsidya. Ananditsitsa paudzu, iye n'kukhala pamwala, akupuma mwawefuwefu, madzi akuchucha m'kabudula.

"Wakuuza ndani kuti ndikufuna kukupha?"

Ndinangoyang'ana pansi.

"Tsiku limene unabadwa, amene anathamanga kukaitana azamba ndine. Ukudziwa zimenezo?" Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Munda si umene ukundiwawa, Yohane. Zaka zonsezi amalume ankanditchula mwana wawo, pamene pepala lili kale kwa aphunzitsi. Akanangondiuza ndi pakamwa pawo. Nazale ija ndinkathirira kuti iwe ndi amako musagone ndi njala. Kani inu mumaona mfiti."

Anadzuka n'kundiuza kuti nditsogole. Tinayenda mpaka kumudzi osalankhulanso, ndipo njira yonse msana wanga unkachita tsemwe, pakuti mantha a miyezi isanu ndi iwiri sachoka ndi mawu a tsiku limodzi. Nditawafotokozera mayi, anandikumbatira n'kunena kuti Mulungu wandipulumutsa. Za mawu a Mateyu sanafune kumva.

M'mawa mwake Mateyu sanabwere kumunda. Patapita sabata ziwiri tinamva kuti wapita ku Halale kukafuna ntchito. Azakhali anaima pakhomo pathu n'kunena mawu amodzi okha: "Mwandithamangitsira mwana." Fodya wa chaka chimenecho anaolera m'munda, popeza ine ndi mayi sitinkadziwa kufukiza. Tinapirira dzinja linanso limodzi, kenaka amalume anga anabwera kuchokera ku Ntchisi kudzatitenga. Kumeneko anandipatsa kamunda popanda wowerenga chilichonse, chifukwa ndinali mwana wa mlongo wawo. Mateyu analembera azakhali makalata awiri, kenaka zii. Sanabwerenso, ndipo kumene anaikidwa sitikudziwa.

Lero ndine nkhalamba, ndipo bambo sindiwaweruza. Ankandikonda, ndipo masiku ano ambiri akusiyira ana awo chuma popanda wodabwa. Cholakwa chawo chinali kuopa kuyang'ana mphwawo m'maso, n'kusiya nkhani yovutayo kuti ikagwere mwana wa zaka khumi. Koma amene anamuchotsa Mateyu pamudzi ndine, ndi mawu amene ndinamuuza m'khutu iye akulimbana ndi madzi kuti ndikhale moyo. Chaka chatha ndinaitana ana anga ndi ana a mlongo wanga, n'kuwauza ndi pakamwa panga za minda yanga, onse akumva. Anakangana mpaka dzuwa kupendeka, wina analira, wina anandinena kuti ndine wokondera. Ndinakhala pomwepo n'kumva zonse, chifukwa ndinafuna kuti akwiyire ine ndikadali ndi makutu.