Mafuta Ankathera pa Giya Wani

Njinga yamoto ija itafika pakhomo pathu ku Matawale, amuna anga anakana kuchotsa pulasitiki wa pachishalo. Ati adzachoka yekha. Inali yofiira, ndipo inkagona pabalaza, tebulo n'kulisunthira kukhonde. Iwowa ndi mmisiri wa mapaipi a madzi, munthu woti mawu ake umachita kukumba, koma masiku amenewo pakamwa panatseguka. Aliyense wodutsa ankauzidwa kuti njingayi simwa mafuta, imangonunkhiza. Akathira Lolemba ankafika nawo Lolemba linalo: kuntchito, kutchalitchi, kukanditula ine kumsika kumene ndimasoka zovala.

Tinapita nayo kukaonetsa amayi anga, kumudzi kwathu m'munsi mwa phiri la Zomba. Amayi ndi akale. Chikwatireni ine, iwo ndi mkamwini wawo sanadyerepo pamodzi, sanagwiranepo chanza, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Tsikulo anaima patali, kuseri kwa mtengo wa mapeyala, n'kundiuza ine kuti, "Uwauze aziyenda nayo bwino." Eni akewo ali pomwepo, makutu ali nawo. Tsiku lomwelo ndinawaletsa amayi kukwera phiri ndi dengu la magalagadeya, lomwe ankakagulitsa kwa alendo kufupi ndi damu la pamwamba pa phirilo. Bondo lawo linali litatupa ngati papaya. Anavomera msangamsanga, ine osadabwa n'komwe.

Mvula itatha, kudzitama kwa bambo akunyumba kunayamba kuzilala. Mafuta a Lolemba ankatha Lachisanu. Posakhalitsa Lachinayi.

"Kodi mwana wanuyu wayamba uchidakwa?" ndinawafunsa.

"Injini ikamakhazikika imatero, mayi."

Ine za injini sindidziwa, koma makina anga osokera akamazolowera ntchito sadya ulusi wambiri. Ndinawakakamiza tipite kwa makaniko ku Chinamwali. Anasintha pulagi, kupopa matayala, kukunga tcheni, kununkhiza utsi ngati sing'anga. Potsiriza anapukuta manja n'kundiyang'ana ine, osati mwini njinga. "Mayi, ilibe vuto iyi. Njinga imamwa molingana ndi kumene yapita." Amuna anga anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

Ndinayamba kuona zimene ndinkangozidutsa. Ankadzuka m'mamawa kuposa kale, ati mapaipi aphulika. Mapaipi a Zomba yense kuphulika m'mawa uliwonse? M'masipoko munkakodwa masamba a paini, pamene ku Matawale kulibe paini. Ndipo chishalo chakumbuyo, malo angawo, chinkanunkhira zipatso. Wobadwira kuno amadziwa amene amakwera phiri awiriawiri, kukagulirana zipatso ndi kujambulitsa padamu. Mnzanga wosoka naye khonde limodzi anathirirapo tsabola: "Mwamuna akagula njinga, kumbuyo sikusowa wokhalapo."

Ndinapsa mtima, koma chachikulu ndinkaopa. Mwamuna wangayu ndinkamukonda, ndipo m'mutu ndinali nditayamba kale kuyala mawu okanena kwa ankhoswe. Ndinkawapatsa chakudya ndili duu, iwonso n'kumadya ali duu, njinga ili pakati pathu.

M'mawa wina atangotuluka, ndinaitana wa kabaza wanjinga yamoto. "Tsatirani yofiira ija, koma asatione." Tinadutsa m'tauni, tinayamba chitunda. Mphepo ya kuphiri inkalowa m'bulauzi, anthu a nkhuni akutsika ndi mitolo yawo, ine ndikukonza mawu oti ndikamulalatire mkazi ameneyo.

Pokhota pena wa kabaza anachepetsa liwiro. "Si awo?"

Njinga yofiira inali patsogolo pathu, ikukwawa. Injini ikulira pa giya wani ngati ikupempha chifundo, bambo akukwekweza mapazi pansi kuti isagwe. Pachishalo changa panali dengu lomangidwa ndi malegeni. Ndipo kutsogolo kwawo, kotalikirana bwino ndithu, kunali mkazi ndinkamufuna uja: wa duku, wa ndodo, akukoka mwendo wakumanzere. Amayi anga. Iwo osatembenuka, mkamwini osawapitirira. Amayi akaima kuti apume, njinga nayo inkaima, injini ikulirabe.

Ndinatsika. Mawu onse ndinakonza aja anathawa, n'kutsala mkwiyo wokha wosowa kopita.

"Bambo, ndi chiyani chimenechi?"

Anazimitsa injini, navula chisoti. "Ndinawapeza tsiku lina atakhala pamwala apo, dengu lili pambali. Ndikanatani? Kuwakweza sindingathe, angandigwire bwanji m'chiuno apongozi? Kuwasiya sindingathenso."

"Bwanji osangotsogola ndi dengulo?"

"Bondo likawagwetsa pokhota apa, awaona ndani?"

"Nanga ine osandiuza?"

Anayankha amayi, nkhope atalozetsa kumitengo. "Ndinawaletsa ndine. Ukanandimanga miyendo iwe. Ine kukhala pakhonde tsiku lonse ndingafe. Ndipo uwauze, ndinanena kuti asamavutike, samva."

Ndinawayang'ana awiriwa, wina kuno wina uko, aliyense akuyang'ana kwake. Miyezi yonseyi akukwera phiri limodzi, kulankhulana kwake kolozetsa nkhope kutchire. Ndinafuna kuwakalipira onse, koma m'maso munadzaza madzi. Ndinamasula malegeni, dengu ndinapatsa wa kabaza kuti atsogole nalo. Kenako ndinakwera kumbuyo kwa amuna anga, n'kudzipanikiza kutsogolo mpaka kumbuyo kwanga kutatsala malo.

"Amayi, bwerani. Mugwira ine. Mwana wanu ndiye simumuopa."

Anadodoma, anayang'ana kumtunda ndi kumunsi ngati pali wowaona, anakonza chitenje. Kenako anandipatsa ndodo, nakwera chammbali, manja awo ozizira atandizinga pamimba. Bambo analiza injini osatembenuka ngakhale pang'ono, khosi lili gwa. Tinanyamuka, ndipo kwa nthawi yoyamba pa chitunda chimenecho ndinamva akulowetsa giya yachiwiri.

Mafuta sanabwererenso pa Lolemba mpaka Lolemba. Anthu atatu pa phiri la Zomba si masewera, ndipo ine kumsika ndinayamba kufika mochedwa. Mnzanga uja akandifunsa za wakumbuyo, ndimamuuza kuti alipodi, ndipo ndimamudziwa bwino.

Koma m'mawa woyambawo, titayandikira damu, amayi anatsamira pamsana panga. Anakweza mawu pang'ono chifukwa cha mphepo.

"Uwauze kuti zikomo."

Ndisanatsegule pakamwa, msana umene ndinaugwirawo unagwedezeka.

"Ndamva, amayi," anatero amuna anga.