Ngumbi za m'bokosi la Adona

Nyali ija ndinaikoleka bwino, pamenepo pokha musanditsutse. Ndinkagwira ntchito kwa Mzungu wina ku Kasupe, ndipo akazi ake, Adona, ankaweta nsomba zofiira zing'onozing'ono m'bokosi lagalasi. Anafuna nyali pamwamba pake kuti aziziona zikusambira madzulo. Ndinakhoma msomali waukulu pamtanda wa denga, n'kuupinda, mpaka ndinalendewerapo ndekha pouyesa.

Mvula yoyamba itagwa, eni nyumba anali ku Zomba. Ngumbi zinayamba kugunda mawindo. Tsono nyali pamwamba, madzi pansi: mwana wa ku Rivirivi ndani sangauzindikire msampha wotere? Ndinayatsa nyali, ndinatsegula mawindo onse, n'kumavuula ngumbi m'madzimo ndi sefa ya tiyi ya Adona. Nsombazo nazonso zinali kalikiliki kumeza, ine n'kumaziuza kuti, “Idyani abale anga, lero ndi Khirisimasi.”

Kutacha, nsomba zonse zinali zitayandama chagada, mimba zitafufuma.

Adona atabwera analira, kenako anandiyang'ana. “Yohane, nsomba zanga zinadwala?”

“Iyayi Adona, ndi nyali,” ndinatero. “Ndinaitsitsa kwambiri, zapsa.”

Che Saidi, khukhi wathu amene anakazinga ngumbizo, anangoyang'ana kudenga.

Kuyambira tsikulo Adona sanandilolenso kugwira hamala, ndipo mlendo aliyense ankamuuza kuti ine ndi mmisiri wophika nsomba zamoyo. Ndinanamizira ntchito yokhayo imene ndinaigwira bwino m'nyumba monsemo. Chimene chimandipwetekabe n'chakuti ngumbizo Che Saidi anachulutsa mchere.